At, on, in: timawu tomwe tikukudyerani malikisi a Fizikisi

Teremu yapitayi ndinapereka kamayeso kachidule ku kalasi langa la Fomu 3 kuno ku Mzuzu. Nkhani inali ya mwala umene wasiyidwa kuti ugwe kuchokera pamwamba pa nsanja yaitali, ndipo ndinawauza kuti g aitenge ngati 10 m/s². Mafunso anali atatu, onse m'Chingerezi monga momwe amabwerera pa MSCE. Loyamba: "Find its speed at 3 seconds." Lachiwiri: "Find the distance it falls in 3 seconds." Lachitatu: "Find the distance it falls in the 3rd second."

M'kalasimo muli mtsikana wina amene masamu amangowamwa ngati madzi. Funso loyamba anakhoza, 30 m/s. Lachiwiri anakhozanso, mamita 45. Pa lachitatu analembanso mamita 45, n'kuika kachizindikiro ka funso pambali pake. Nditabweza mapepala ananditsatira mpaka pakhonde. "Aphunzitsi, funso lachiwiri ndi lachitatu ndi limodzi lomwelo. Kapena munalakwitsa potayipa?"

Sindinalakwitse ayi. Yankho la funso lachitatu ndi mamita 25, ndipo tifikapo kutsogoloku. Chomwe chinandiwawa n'chakuti mwanayu fomula ankaidziwa, powerengetsa sanaphonye, koma malikisi anapita chifukwa cha kamawu ka zilembo ziwiri ndi zomwe kananyamula.

Ndiye lero ndikufuna ndinene maganizo anga mosabisa. Timawu iti, at, on, in, for, from, to, until ndi by, tomwe m'kalasi la Chichewa mumatitcha aperekezi, ndi zipangizo zoyezera nthawi monga ilili stopwatch ya mu labu. Ife aphunzitsi a sayansi timalakwitsa tikamasiyira anzathu a Chingerezi okha ntchito yotiphunzitsa. Ndipo malo abwino ophunzirirapo timawuti ndi chinthu chomwe ambiri mwa inu mumachiwerenga kale mwachidwi popanda wokukakamizani: ndandanda ya mapulogalamu a pa TV.

Vuto limayambira pa "pa"

Choyamba mudziwe kuti mukasokoneza at ndi on sindiye kuti ndinu mbuli. Chiyankhulo chathu chili ndi dongosolo lake, ndipo mutu umatsatira dongosolo lomwe unazolowera. M'Chichewa tili ndi pa, ku ndi mu. M'Chitumbuka, chomwe ambiri a inu mumayankhula kunyumba ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Zolozolo, mulinso pa, ku ndi mu omwewo.

Taonani momwe pa amagwirira ntchito. Timati dziko lathu linalandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Timati ndinaona pa TV, ndinamva pa wailesi. Apa ponse Mngerezi amati on. Koma timatinso tikumana pa depoti, ndaima pa geti, ndipo apa Mngerezi amati at. Pa wathu mmodziyo kwa iwo wagawika pawiri. N'chifukwa chake m'makalasi timamva ziganizo ngati "The match starts on 3 o'clock." Mwanayo wangotembenuza pa wake n'kusankha njira yolakwika pa mphambano.

Masiku a sabata ndiye sitiwaikira kamawu kalikonse: ndibwera Lachiwiri, basi. Pofika m'Chingerezi mwana amadziwa kuti pakufunika kanthu, n'kungotola kalikonse kali pafupi, "in Tuesday". Komwe timagwirizana bwino ndi Chingerezi ndi pa mu: mu Julaye, in July; mu 1999, chaka chomwe Television Malawi inayamba kuulutsa, in 1999.

Njira yomwe ambiri tinaphunzira nayo ndi yoloweza mndandanda: at ndi wa ola, on ndi wa tsiku, in ndi wa mwezi ndi chaka. Mndandandawu ndi woona ndithu. Koma mwana amene wangouloweza amaima njii akakumana ndi "in the 3rd second", chifukwa sekondi si mwezi, si chakanso.

Dontho, tsamba ndi bokosi

Jambulani mzere wowongoka m'kope lanu, ngati axis ya nthawi pa girafu. Tsopano tengani ndandanda ya pa TV, kaya yomwe imatuluka mukadina batani la guide pa rimoti, kaya yomwe wailesi zakanema monga MBC, Zodiak kapena Times zimalengeza. Tiyerekeze kuti yalembedwa chonchi: Loweruka, 17:00 mpira, 19:00 nyimbo, 20:00 nkhani.

At ndi dontho pa mzere uja. Alibe utali. "The news starts at 20:00." Nthawiyo ikakwana yakwana, simungakhalemo kwa mphindi ziwiri. Mu Fizikisi, liwiro la chinthu pa kanthawi kenakake limayenda ndi at. Mukakwera minibasi yopita ku Ekwendeni n'kusuzumira pa speedometer ya adalaivala, nambala yomwe mwaonayo ndi liwiro at kanthawi komwe mwayang'anako.

In ndi bokosi. Lili ndi poyambira ndi pothera, ndipo chinthu chimachitikira m'kati mwake. "In the evening", "in August", "in 2022". Bokosi likhoza kukhala lalikulu ngati chaka kapena laling'ono ngati sekondi imodzi. Funso lomwe muyenera kudzifunsa nthawi zonse mukaona in ndi ili: bokosi limeneli likuyambira pati, likuthera pati?

On ndi tsamba la pa kalendala, tsiku limodzi lomwe mungaloze ndi chala. "On Saturday", "on 6 July". Mumagwiritsanso ntchito on potchula tchanelo: "on MBC", "on SuperSport". Chiganizo chimodzi chikhoza kunyamula onse atatu: "The match is on SuperSport on Saturday at 17:00, and the season ends in May."

Chosangalatsa ndi ndandanda ya pa TV n'chakuti kawirikawiri imangokupatsani manambala ndi maina, timawu tija mulibe. Ntchito yotibwezeretsa ndi yanu. Mukaiwerenga mokweza ngati ziganizo zathunthu, ndiye kuti mwachita ekisasaizi ya galamala ndi ya Fizikisi nthawi imodzi, popanda kugula buku.

Chigoli cha Gabadinho ndi mwala uja

Ambiri mukukumbukira usiku wa Lachiwiri pa 25 Januwale 2022, pomwe Flames inakumana ndi Morocco mu mzinda wa Yaoundé ku Cameroon, m'ndime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations. Tinagonja 2-1, koma chomwe chinatsala m'mitima ndi chigoli cha Gabadinho Mhango, chomwe anachimenya ali patali kwambiri ndi golo. Olemba nkhani anati chinalowa "in the 7th minute".

Tafunsani mnyamata aliyense wokonda mpira ku Masasa kapena ku Mchengautuba tanthauzo la mawu amenewo, akuuzani osakanda m'mutu. Mphindi yachisanu ndi chiwiri imayamba wotchi ya pa sikirini ikangodutsa 6:00, n'kutha ikafika 7:00. Ndi bokosi la mphindi imodzi yokha. Koma wina akati "Malawi scored one goal in 7 minutes", bokosi lake ndi lina: likuyambira pomwe wenzulo inalira mpaka 7:00, mphindi zonse 7.

Tibwerere ku mwala wathu. Mtunda womwe wagwa timaupeza ndi fomula ya theka la g kuchulukitsa ndi t sikweya. Pakatha sekondi imodzi wagwa mamita 5. Pakatha masekondi awiri, mamita 20. Pakatha atatu, mamita 45. Choncho "in 3 seconds" ndi bokosi loyambira pa 0 mpaka 3, yankho mamita 45. Koma "in the 3rd second" ndi kabokosi koyambira pa 2 mpaka 3, yankho 45 kuchotsa 20, mamita 25. Pomwe "at 3 seconds" ndi dontho, ndipo pa dontho sitiyezapo mtunda woyendedwa, timayezapo liwiro: 10 kuchulukitsa ndi 3, ndiye 30 m/s.

Mukapitiriza muona kanthu kokoma. M'sekondi yoyamba mwala umagwa mamita 5, m'yachiwiri 15, m'yachitatu 25, m'yachinayi 35. Gawani manambala onsewa ndi 5, mupeza 1, 3, 5, 7. Galileo Galilei wa ku Italy anafotokoza dongosolo limeneli m'buku lake la mu 1638. Munthu amene sasiyanitsa mabokosi awiri aja dongosolo limeneli sangalione n'komwe.

Nditamufotokozera mtsikana uja ndi chitsanzo cha Gabadinho anaseka. "Aaa, ndiye zomwe amanena achimwene anga tsiku ndi tsikuzi?" Zomwezo basi. Nzeruyo anali nayo kale m'nyumba mwawo, kungoti palibe anamuuza kuti alowe nayo m'chipinda cha mayeso.

For, from, to, until: apa pali ndalama

Ndandanda ya pa TV imaphunzitsanso kutalika kwa nthawi. "The film runs from 19:45 to 21:15." From ndi to ndi madontho awiri. For ndi utali wa pakati pawo: "It runs for 90 minutes." Mu Fizikisi utali umenewu ndi womwe timaulowetsa m'mafomula ambiri pamalo pa t.

Apa pali msampha womwe umakola ambiri. Mwana amatenga kakyuleta, 21.15 kuchotsa 19.45, n'kupeza 1.70, n'kulemba kuti ola limodzi ndi mphindi 70. Kakyuleta imawerenga m'mahandiredi, wotchi imawerenga m'ma 60. Yendani pa mzere uja: kuchoka 19:45 kufika 20:00 ndi mphindi 15, kufika 21:00 ndi zina 60, kufika 21:15 ndi zina 15. Zonse pamodzi mphindi 90, omwe ndi maola 1.5 kapena masekondi 5,400.

Tsopano tiyerekeze kuti TV ya kwanu ndi ya mawati 60. Mphamvu ya magetsi yomwe yadya timaipeza pochulukitsa mawati ndi nthawi. Funso likati "The TV was on for 3 hours", mwapatsidwa t mwachindunji: 60 kuchulukitsa ndi 3, mupeza 180 Wh, yomwe ndi 0.18 kWh, kapena kuti mayunitsi 0.18 pa mita ya pakhoma ija. Koma likati "The TV was switched on at 3 pm and stayed on until 10 pm", nambala 3 ija si utali, ndi dontho loyambira. Utali ndi maola 7, ndipo mayunitsi ndi 0.42. Amene wangoona 3 n'kuthamangira fomula walakwa, ndipo akanakhala kuti ndiye wogula mayunitsi pakhomopo, akanawagonetsa anthu mumdima mwezi usanathe.

Until ndi by nawo amasokonezedwa. Until amatanthauza kuti chinthu chikupitirira mpaka nthawi yotchulidwayo. By amatanthauza kuti chichitike nthawiyo isanapitirire, kaya msanga kaya pa nthawi yomweyo. "Watch until 21:00" ndi kuonera mpaka 9 koloko usiku. "Be home by 21:00" ndi lamulo la amayi lija lakuti 9 koloko ikupezeni muli m'nyumba.

At ya wotchi ya ndani?

Dontho la nthawi silikwanira ngati simunanene kuti likuwerengedwa pa wotchi ya kuti. Dziko lapansi limazungulira madigiri 360 m'maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola lililonse. N'chifukwa chake maiko ali ndi nthawi zosiyana. Ife timayendera Central Africa Time, CAT, yomwe ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya GMT. South Africa, Zambia ndi Mozambique wotchi yawo ndi yofanana ndi yathu. Koma amalonda omwe amawoloka pa Songwe kupita ku Kyela kapena ku Mbeya amadziwa kuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi.

Okonda Premier League, mudaona kuti mpira wa Loweruka womwe ku England umayamba "at 3 pm" nthawi zina kuno umayamba 4 koloko, nthawi zina 5 koloko? Ku Britain amakankhira mawotchi awo patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuwabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ife sitisintha. Ndiye mu Ogasiti ndi Seputembala 3 pm yawo ndi 16:00 yathu, pomwe mu Disembala ndi Januwale ndi 17:00. Mphwanga wina anapita kukalipira ku vidiyo sho mu Epulo akuwerengera nthawi ya mu Febuluwale, anakapeza hafu yoyamba yatha kalekale. At anamumva bwino, koma sanafunse kuti ndi at ya wotchi ya ndani.

Msampha wina uli pakati pa usiku. Ndandanda ikati "on Wednesday at 01:00", kwa ife umenewo ndi usiku wa Lachiwiri, chifukwa m'maganizo mwathu tsiku limayamba kukacha. Kalendala imatsegula tsamba latsopano pa 00:00. Mukadikira usiku wa Lachitatu mwachedwa ndi tsiku lathunthu.

Ngakhale mawu oti live pa sikirini ali ndi nkhani yake. Masetilaiti a TV ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, ndipo amazungulira mogwirizana ndi dziko, n'chifukwa chake dishi ya padenga imangoloza malo amodzi. Chithunzi chimakwera n'kutsika, ulendo wa makilomita osachepera 72,000, pa liwiro la kuwala la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Gawani, mupeza masekondi 0.24, ndipo makina okonza chithunzicho amawonjezerapo kuchedwa kwina. N'chifukwa chake nthawi zina aneba omvera pa wailesi amakuwa kuti chalowa inu mpira mukuuonabe uli pakati pa bwalo. Chigoli ndi chimodzi, koma chafika m'nyumba ziwirizo pa madontho awiri osiyana.

Zomwe otsutsa amanena

Ndikudziwa kuti si onse angagwirizane nane. Makolo ena anena kuti TV ndi yomwe ikusokoneza ana, ndiye mphunzitsi akuwatumizanso komweko bwanji? Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo inenso ndaonapo ana akusinza m'kalasi chifukwa cha mafilimu a usiku. Koma ine ndikunena zowerenga ndandanda, ntchito ya mphindi zisanu. Ndiponso mwana wodziwa kuti mpira wake uyamba at 17:00 ndipo utha by 19:00 savutika kukonza nthawi yowerenga. Amene amakhala pa TV tsiku lonse kawirikawiri ndi amene sadziwa chomwe akudikira.

Ena anena kuti kunyumba kwawo kulibe TV, mwinanso magetsi kulibe. Zoona, ndipo ophunzira anga ambiri ali m'gulu limeneli. Wailesi nayo ili ndi ndandanda. Taimutebulo ya m'kalasi mwanu ndi ndandanda. Taimutebulo ya mayeso a MANEB ndi ndandanda yomwe kuiwerenga molakwika kungakutayitseni chaka chonse. Ndasankha TV chifukwa ndi yomwe imakoka mtima, koma phunziro lake ndi lomwelo paliponse.

Anzanga ena m'sayansi amati galamala si ntchito yathu, silabasi yathu ndi yaitali kale. Yankho langa ndi lakuti malikisi a mtsikana uja anatayikira pa pepala langa. Mphunzitsi wa Chingerezi ali ndi mtolo wake wa nkhani, ndakatulo ndi makalata, ndipo sangadziwe kuti pa girafu ya liwiro ndi nthawi at amaloza kutalika kwa mzere pa dontho limodzi pomwe in amaloza malo onse a pansi pa mzerewo. Zimenezo tiyenera kuzinena ndife. Mphindi zisanu kumayambiriro kwa mutu wa motion sizingaphe silabasi.

Palinso omwe amati vuto lenileni ndi kuphunzira sayansi m'chiyankhulo cha eni. Mfundo imeneyi ili ndi mutu, n'chifukwa chake ndikulemba izi m'Chichewa, ndipo m'kalasi ndikaona nkhope zachita mdima ndimafotokozanso m'chiyankhulo chomwe ana akumva. Koma pepala lomwe mukalembe mu Fomu 4 lidzabwera m'Chingerezi, ndipo popanda kukhoza Chingerezicho satifiketi ya MSCE simuilandira. Mkangano wa chiyankhulo upitirire, koma inu musadikire kuti uthe kaye.

Chomaliza ndivomereze ndekha: chithunzi changa cha dontho, tsamba ndi bokosi sichifotokoza zonse. Mngerezi amati "in the morning" koma "at night", ngakhale usiku ndi wautali. Amati "on Monday morning", chifukwa dzina la tsiku likangolowapo on ndiye amalamula. Ku Britain amati "at the weekend", ku America "on the weekend". Izi muyenera kungozizolowera. Koma mu Fizikisi timachitanso chimodzimodzi. Powerengetsa za mwala uja tinanyalanyaza mpweya womwe umaukankha, ndipo yankho linali lothandizabe. Chithunzi chomwe chikukutsogolerani bwino nthawi zambiri, inu mukudziwa malire ake, n'chabwino kuposa mndandanda woloweza womwe umathawa m'mutu belu la mayeso likalira.

Yesani izi sabata ino

Koperani mizere isanu ya ndandanda iliyonse yomwe mungapeze. Mzere uliwonse muusandutse ziganizo ziwiri za Chingerezi, china cha at ndi on, china cha from, to ndi for. Utali wa pulogalamu iliyonse muulembe m'mphindi, kenako m'masekondi. Mukatero, tsegulani pepala lakale la Fizikisi, ndipo musanagwire kakyuleta dulani mzere kunsi kwa kamawu kalikonse ka nthawi, n'kulemba pambali kuti dontho kapena bokosi. Ngati ndi bokosi, lembani poyambira ndi pothera. Pomaliza pezani mtunda womwe mwala wathu ungagwe "in the 5th second". Yankho lake likudabwitsani pang'ono mukaliyerekeza ndi la funso lachiwiri lija.

Mtsikana uja masiku ano pepala lake limadzaza ndi timizere tisanayambe n'komwe kuwerengetsa. Sabata yatha ndinalemba pa bolodi mothamanga kuti "Submit your exercise books until Friday." Anakweza dzanja mwaulemu wake wonse. "Aphunzitsi, ndiye tizipereka makope tsiku lililonse mpaka Lachisanu?" Kalasi lonse linafa ndi phwete. Ndinatenga dasita, n'kufufuta until, n'kulembapo by.